Sefa ya Mbuna za Bambo

Kwa ambiri a ife Amalawi, nsomba ndi ndiwo basi. Munthu akatchula chambo, kampango, utaka kapena usipa, chimene chimabwera m'maganizo ndi poto, tomato ndi nsima yotentha. N'chifukwa chake banja losunga nsomba m'galasi pabalaza, n'kumazidyetsa m'mawa ndi madzulo koma osalawako ndi imodzi yomwe, limaoneka ngati lasowa chochita ndi ndalama. Banja lathu ku Chilomoni, mumzinda wa Blantyre, ndi lotere, ngakhale kuti ndalama zotayazo tilibe. Thanki yathu anaipanga okha malemu bambo anga ndi magalasi okhuthala a mazenera a sitolo ina imene inkagwetsedwa. M'litali mwake ndi masentimita 120, m'lifupi 45, msinkhu 45, ndipo imalowa malita pafupifupi 240. Mukachotsera malo a miyala ndi mchenga, madzi enieni amatsala malita 200 kapena kupitirirako pang'ono.

Nsomba zake ndi mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala ya m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Bambo anaphunzitsako ku Monkey Bay ali mnyamata, ndipo kumeneko ndi kumene anapeza zinthu ziwiri zimene anakhala nazo mpaka imfa: mayi anga ndi chikondi cha tinsombati. Dzina loti mbuna ndi la Chitonga cha ku Nkhata Bay, ndipo lafalikira dziko lonse lapansi osasintha ndi chilembo chimodzi chomwe. Zambiri mwa zathu ndi zachikasu zija zimene akatswiri amati Labidochromis caeruleus. Monga wophunzira ziyankhulo, dzinali limandiseketsa, pakuti liwu lachiwirilo m'Chilatini limatanthauza mtundu wa buluu. Geoffrey Fryer, amene anazipatsa dzinali mu 1956, anaona zotuwa zonkera ku buluu, pamene zachikasu, zimene zinadzatchuka pambuyo pake, zimapezeka cha ku Lion's Cove. Zathuzi sizinaonepo nyanja. Zinabadwira m'thanki, ndipo makolo awo bambo anawapeza kwa mnzawo wina woweta.

Malume anga, amene pa unyamata wawo ankamira m'nyanja kugwira mbuna zogulitsa kunja, amakonda kunena kuti nsomba ndi zathu koma nzeru yozisungira m'nyumba inapita ndi ndege. Akunena zoona. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, malemu Stuart Grant ankatumiza nsomba zamoyo kuchokera ku Senga Bay kupita ku Ulaya ndi ku America, ndipo lero mbuna zimawetedwa m'nyumba zosawerengeka ku Germany, ku Britain ndi kwina. Zipangizo zozisamalira zimapangidwanso komweko kapena ku China, poganizira nyumba zimene magetsi sazimazima komanso sitolo ya zida zosinthira ili pafupi. Munthu wa ku Chilomoni akafuna kugula chipangizo chotere, ayenera kufunsa mafunso amene wopanga uja sanawaganizire n'komwe.

Funso limeneli linandipeza kumapeto kwa chaka cha 2023. Kasefa kakang'ono ka m'kati mwa thanki kamene bambo anasiya kanali katatopa. Kankalira usiku wonse ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo, ndipo kankafunika kutsukidwa Loweruka lililonse. Ine ndinali pafupi kupita ku koleji, kumene ndikanakhala miyezi iwiri kapena itatu osabwera kunyumba. Otsala pakhomo anali mayi, amene msana umawavuta, ndi mlongo wanga wamng'ono wa Fomu 2. Mayi anafika ponena kuti, "Mwana wanga, ngati zikuvuta tingozipereka kwa anthu. Kusiyana n'kuti zidzafere m'manja mwathu." Koma ankanena zimenezi maso ali pa thanki, ndipo tonse tinkadziwa kuti mpando umene amakhalapo madzulo ndi womwe uja bambo ankakhalapo poonerera nsombazo. Achimwene anga aakulu, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, atamva nkhaniyi anati agula sefa yatsopano n'kutumiza pa basi. Anandichenjeza kuti agula kamodzi kokha. Mwezi wa Novembala chaka chimenecho ndalama ya kwacha inali itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo zonse za pakhomo, kuyambira fizi mpaka ufa, zinali pa mapewa awo.

Ndisanapite patali, ndifotokoze ntchito ya sefa, chifukwa dzinali limasocheretsa. Tikati sefa, timaganiza za ija yosefera ufa: zosalala zidutse, misere itsale. Sefa ya m'thanki imachitadi zimenezo, imagwira ndowe za nsomba ndi zakudya zotsala. Koma imeneyi ndi ntchito yaing'ono. Yaikulu ndi yosaoneka ndi maso. Nsomba ikamapuma imatulutsa amoniya kudzera m'makha ake, ndipo zinyalala zikamaola zimatulutsanso amoniya yemweyo. M'nyanja, madzi ndi ochuluka koti poizoniyu amangosungunuka. M'malita 200 amaunjikana mpaka kupha. Chimene chimapulumutsa nsomba ndi mabakiteriya amene amamera pa siponji ndi timiyala ta m'sefa. Ena amasandutsa amoniya kukhala naitiraiti, amenenso ndi poizoni, ndipo ena amasandutsa naitiraitiyo kukhala naitireti, amene nsomba zimapirira mpaka tsiku losintha madzi. Mu 2015 akatswiri anapeza kuti mitundu ina ya mabakiteriya otchedwa Nitrospira imatha kugwira yokha ntchito ziwiri zonsezi. Choncho munthu wogula sefa akugula khola la ziweto zina zosaoneka, zimene nazonso zimadya ndi kupuma.

Kwa woweta mbuna nkhaniyi ndi yolemera kuposa kwa ena. Madzi a nyanja yathu alibe asidi, muyeso wake wa pH umakhala cha m'ma 8, ndipo a m'thanki ya mbuna amayenera kufanana nawo. Vuto n'lakuti amoniya amalusa kwambiri m'madzi otere. Pa kutentha kwa madigiri 25, gawo la amoniya limene limapha limachuluka pafupifupi kakhumi pa pH 8 poyerekeza ndi pa pH 7. Kuwonjezera apo, mbuna ndi zandewu. Mukaika zochepa, yamphongo yamphamvu imasankha imodzi n'kuithamangitsa mpaka kuipha. Oweta amaziika zambiri dala kuti wovutitsayo asowe woti alimbane naye yekha. Zathu zilipo 22. Nsomba zambiri, zodya kwambiri, m'madzi amene poizoni amalusa: madzi angathe kuoneka oyera ngati a m'botolo koma ali chikomekome cha nkuyu.

Sefa imene ndinkafuna ndi ya mtundu umene m'masitolo amautchula kuti canister. Ndi chigubu chotsekedwa ndithu chimene chimakhala kunja kwa thanki, m'kabati ya pansi pake. Paipi imodzi imatsitsa madzi kuchoka m'thanki, madziwo amadutsa m'siponji ndi m'timiyala tamabowo, kenako pampu ya pa chivindikiro imawakankhira m'mwamba kudzera pa paipi yachiwiri. Ubwino wake ndi woti chigubucho chimalowa zosefera zambiri, sichilanda malo a miyala imene mbuna zimabisalamo, ndipo chingathe mwezi umodzi kapena iwiri chisanafune kutsegulidwa. Kwa munthu wochoka pakhomo ngati ine, ubwino wotsirizawu unali waukulu kuposa onse.

Achimwene analowa m'sitolo ina ya ziweto Loweruka lina n'kunditumizira zithunzi pa WhatsApp. Zimene zinali m'malire a thumba lawo zinali ziwiri. Yoyamba inali yaikulu, yoyera, yopangidwa ku China. Pa katoni panalembedwa kuti imapopa malita 2,000 pa ola, ili ndi timabasiketi tinayi toikamo zosefera, batani loyambitsira madzi, ndiponso nyali ya UV yophera ndere. Yachiwiri inali yobiriwira, yooneka yachikale, ya kampani ya ku Germany ya Eheim, imene inayamba kupanga masefa a mtundu umenewu m'zaka za m'ma 1960. Nambala yake ndi 2217, ndipo masiku ano amaitchanso Classic 600. Imapopa malita 1,000 pa ola, ilibe mabasiketi, ilibe batani, ilibe nyali, koma mtengo wake unali wokwera kuposa wa inzake ija.

"Iwe, nkhaniyi ndi ya masamu a Sitandade 4," anatero achimwene pa foni. "Iyi ndi 2,000, iyo ndi 1,000, ndipo yamphamvuyo ndi yotchipa. Ukufunanso chiyani?"

Anali ndi mfundo. Oweta ambiri amati madzi onse a m'thanki azidutsa m'sefa kanayi kapena kasanu pa ola, ndipo a mbuna amakonda kupitirira apo. Komanso nambala ya pa katoni imapimidwa chigubu chili chopanda kanthu. Mukaikamo siponji ndi timiyala, n'kulumikiza mapaipi okwera mita yathunthu, mphamvu imatsika, ndipo zinyalala zikayamba kutseka mabowo imatsikanso. Malita 1,000 a pa katoni angathe kukhala 600 m'nyumba. Pa mlingo umenewu, yoyerayo inkapambana mosavuta.

Koma pa katoni pali nambala ina, yolembedwa ndi tizilembo ting'onoting'ono kumbali, imene ine ndinawapempha kuti aijambule pafupi. Yoyera ija imadya mawatsi 55, osawerengera nyali yake. Yobiriwira imadya mawatsi 20. Kwa wogula wa ku Stuttgart kusiyana kumeneku n'kwa bilu ya pamwezi chabe. Kwa ife ndi nkhani ya moyo wa nsomba, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Mabakiteriya aja amafuna okosijeni, ndipo m'chigubu chotsekedwa amaupeza kuchokera m'madzi oyenda okha basi. Pampu ikaima, madzi amaima. Mabakiteriya pamodzi ndi zinyalala zoola amamaliza mpweya wotsalawo m'maola ochepa, ndipo chigubu chikakhala chauve kwambiri umatha msanga. Mpweya ukatha, tizilombo ta mtundu wina timayamba ntchito yake, ndipo madzi a m'katimo amasanduka onunkha ngati mazira oola. Malume atamva ndikufotokoza zimenezi anati, "Mphwanga, ndiye kuti wanena za pansi pa nyanja." Zoonadi, nyanja ya Malawi ndi yakuya mamita pafupifupi 700, koma kupitirira mamita 250 kutsika pansi kulibe okosijeni, ndipo nsomba sizikhalako. Chigubu chozimiridwa magetsi chimakhala ngati kachidutswa ka madzi akuya amenewo kali m'kabati ya pabalaza. Choopsa chenicheni chimabwera magetsi akayaka, pakuti pampu imadzuka yokha n'kutsanulira madzi onsewo m'thanki.

Zimenezi ndinaziona ndi maso kwa mnzawo wa bambo uja, mwini makolo a nsomba zathu. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a ku Kapichira, ndipo kwa miyezi yambiri magetsi ankazima maola ochuluka pa tsiku. Tsiku lina mkuluyu anapita kumaliro ku Ntcheu n'kugona komweko. Magetsi anazima tsiku lonse, n'kuyaka pakati pa usiku. Pobwera anapeza theka la nsomba zake zili gada, zotsalazo zikupuma movutikira pamwamba pa madzi. Sefa yake inali yabwino, yodula, ndipo inkagwira ntchito bwinobwino pamene ankatsegula chitseko. Ndinapita kukamuthandiza kutunga madziwo ndi ndowa, ndipo fungo la m'chigubu chija linandikhala m'mphuno masiku awiri. N'zodabwitsa kuti magetsi athu ambiri amachokera mu mtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, ndipo madzi a m'mipopi ya ku Blantyre ambiri amapopedwa mu mtsinje womwewo pa Walker's Ferry. Shire amatuluka m'nyanja ya Malawi. Nsomba, madzi ndi magetsi a thanki yathu, zonse gwero lake ndi limodzi, koma sizifika pakhomo tsiku limodzi.

Choncho sefa ya m'nyumba mwathu inayenera kukhala yoti batire ingaikwanitse. Tili ndi batire ya sola ya mavoti 12 ndi 100Ah imene achimwene omwewo anagula mu 2022. Papepala, batire yotere ingayatse chinthu cha mawatsi 100 kwa maola 12. Koma ndi ya mtovu, ndipo batire ya mtovu ukamaimaliza kupitirira theka siichedwa kufa, ndiye tiwerengere theka lokhalo. Pampu ya mawatsi 55 ingalimalize m'maola 11, ya mawatsi 20 m'maola 30, ndipo manambala onsewa amatsika chifukwa inveta nayo imadyako zake. Tsono batire imeneyi si ya nsomba zokha. Ndi imene imayatsa mababu atatu, kutchaja mafoni, ndi kuunikira mlongo wanga akamawerenga. Sefa yaikulu ija ikanachititsa kuti usiku uliwonse wa mdima mayi azisankha pakati pa nsomba za amuna awo ndi mayeso a mwana wawo. Sindinkafuna kuwasiyira chisankho chotero. Hita ya m'thanki, imene imadya mawatsi 200, sitiilumikiza n'komwe ku batire. Madzi ambiri chotere amachedwa kuzizira, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi timangofunditsa thanki bulangete.

Achimwene anamvetsa za batire, koma anafunsa chifukwa chimene sindinasankhe ina yaing'ono yotchipa. Apa mpamene panabwera nkhani ya zida zosinthira. Sefa ya chigubu ili ndi malo awiri amene amatha: kachipupa kozungulira ka m'pampu pamodzi ndi kamtengo kake, ndi mphira yozungulira imene imatseka pakati pa chivindikiro ndi chigubu. Mphirayo ikauma kapena kung'ambika, madzi amayamba kuchucha, ndipo popeza chigubu chili pansi pa thanki, sasiya mpaka atatsika kufika pa kamwa ya paipi. Amenewo ndi malita oposa 100 pa simenti ya pabalaza, pafupi ndi mawaya a magetsi. Kapangidwe ka yobiriwira ija sikanasinthe kwenikweni kwa zaka makumi angapo, kotero zida zake zimapezeka paliponse pamene pali sitolo ya nsomba za m'galasi. Ndinawapempha achimwene kuti afunse wogulitsa ngati ali ndi mphira ndi kachipupa ka masefa onse awiri. Za yobiriwira anazitulutsa m'dirowa nthawi yomweyo. Ndinati agule mphira ziwiri ndi kachipupa kamodzi, aziike m'katoni momwemo. Za mphamvu ya magetsi sizinavute, pakuti South Africa ndi Malawi onse amagwiritsa ntchito mavoti 230. Pulagi yokha ndi imene inafunika kusintha kuti ikhale ya mano atatu amakona ngati athu.

Pali chinthu chimodzi chimene yoyera ija inkandikopa nacho mpaka tsiku lomaliza, ndipo ndi mabasiketi aja. Wotsuka amangonyamula limodzilimodzi. Mu yobiriwira zosefera zimangosanjikizana, timiyala pansi, siponji pakati, thonje pamwamba, ndipo potsuka umayenera kukhuthula zonse m'beseni. Kuyambitsa madzi nakonso kumafuna luso chifukwa palibe batani. Amene akanavutika ndi zimenezi si ine ayi koma mlongo wanga, choncho ndinamufunsa iyeyo. Anayang'ana zithunzizo nthawi yaitali, kenako anati, "Achimwene, ine ndimatsuka mpunga tsiku lililonse. Timiyala timeneti tingandikanike?" Chimene iye anafunsa ndi kulemera kwake. Yobiriwirayo imalowa malita 6, ndipo akanatha kuinyamula yekha kupita nayo pakhonde. Inzake ija ikadzaza madzi ikanafuna anthu awiri. Tinaonetsetsanso kuti pa mapaipi onse awiri pakhale timipopi tapawiri totsekera, kuti azichotsa chigubu madzi ali m'mapaipi momwemo. Akabwezeretsa n'kutsegula, madzi amatsika okha, ndipo sipafunikanso kuyamwa paipi ndi pakamwa.

Katoni inafika pa basi ya ku Joni sabata ziwiri Khirisimasi isanakwane, itakulungidwa m'mabulangete amene achimwene anagulira mayi. Sefa yatsopano imakhala yopanda mabakiteriya, ndipo kuti amere okwanira pamatenga milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi. Pofuna kufupikitsa nthawiyi, ndinadula siponji ya kasefa ka bambo kaja, yakuda bii ndi ukalamba, n'kuiika pakati pa zosefera zatsopano. Ndinaikamonso kathumba ka zigoba za nkhono zophwanya kuti madzi asamachite asidi. Popeza malita 1,000 aja ndi apakatikati kwa mbuna 22, ndinawonjezera sefa ya siponji yoyendera mpweya pakona ya thanki. Pampu yake imadya mawatsi osakwana 5, ndipo tili ndi ina ya mabatire a tochi yodikirira tsiku limene zonse zingakanike.

M'kati mwa chitseko cha kabati tinamatamo pepala limene mlongo wanga analemba yekha ndi cholembera chofiira. Likunena kuti Loweruka lililonse achotse ndowa zitatu za malita 20 n'kuthiramo madzi ochotsedwa klorini. Likunena kuti zosefera azitsukira m'madzi ochokera m'thanki, osati a pampopi, chifukwa klorini amene amatiteteza ife ku kolera amaphanso mabakiteriya a m'sefa. Mzere wotsiriza, umene anaudula kawiri kunsi, ukunena kuti pampu ikaima kupitirira maola atatu, azule pulagi, ataye madzi a m'chigubu, anunkhize, ndipo asalumikizenso asanatsuke.

Ndili ku koleji, mwezi wa Epulo, anandiimbira foni akupuma mothamanga. Anali atatsegula chigubu kuti atsuke, ndipo pansi pake, kunsi kwa kachitsulo kapulasitiki kamabowo kamene kamanyamula timiyala, anapeza tiana ta nsomba tinayi tamoyo. Mbuna yaikazi imasunga mazira m'kamwa pafupifupi milungu itatu osadya, ndipo imodzi mwa zachikasu zija inali italavula ana ake pafupi ndi paipi yokoka madzi. Mu sefa imeneyi madzi amalowera pansi pomwe pampu ili pamwamba, kotero tianato sitinafike pa kachipupa. Tinangokhala mumdimamo n'kumadya zinyenyeswa. Mayi anatiika m'beseni lawo lochapira ndi pampu ya mabatire a tochi ija, ndipo mlongo wanga anamangirira kachidutswa ka neti ya udzudzu pa kamwa ya paipi.